Linki ya masiku asanu ndi awiri

Anzanga, Dindo, wojambula mavidiyo a maukwati, ndinakumana naye pashopu yomwe ndimagwira ntchito kuno ku Iloilo, ku Philippines. Timasindikiza mapepala, komanso intaneti yathu ndi yothamanga kuposa ya aliyense mumsewu wathu. Analowa thukuta lili kamukamu, laputopu kukhwapa, akufuna kukweza vidiyo ya ukwati pa cloud, posungira zinthu pa intaneti paja. Ma GB makumi anayi.

Atakhala maola atatu ndinamufunsa, "Kuya, achimwene, mwabwera kudzatumiza vidiyo kapena kudzagula mpandowo?"

Anati sangachoke, chifukwa mzere woonetsa kukwera kwa vidiyo ukafika pa 99 ndi pomwe satana amadzuka. Ndipo unaimadi pa 99. Ndinamuseka mpaka anandigulira supu ya batchoy kuti nditseke pakamwa.

Kuyambira pamenepo ankabwera sabata iliyonse. Ine, wodana ndi netiweki yochedwa, ndinayamba kupemphera kuti izichedwa...

Pa fiesta, chikondwerero cha pachaka cha kwathu, anabwera ndi kamera. Anajambula bambo anga akuvina ndi amayi pamsewu, bambo akumulamula kuti aziwajambula mbali yomwe kudakali tsitsi. Patatha miyezi iwiri bambo anatisiya.

Masiku onse a maliro Dindo anali nafe, akunyamula mipando. Koma tsiku lowaika m'manda sanabwere. Anapita kukajambula ukwati ku chilumba cha Guimaras, ndipo maboti anaimitsidwa chifukwa cha mphepo. Anaimba kakhumi. Ndinayankha kamodzi.

"Maukwati a eni ndiwo abale ako. Usadzapondenso pashopu. Ndipo chilichonse cha banja lathu ufufute, nkhope ya bambo anga isakhale m'laputopu ya munthu ngati iwe."

Pakamwa panga mukupadziwa.

Patatha sabata ndinalandira imelo yokhala ndi linki. Analemba kuti, "Lorelie, iyi ndi vidiyo yonse ya fiesta. Linkiyi imafa pakatha masiku asanu ndi awiri. Uitsitse chonde. Kuno ndafufuta monga unanenera."

Ndinati bodza, wojambula safufuta. Akungofuna ndimuthokoze.

Ndinkaiona imeloyo tsiku lililonse, nditakhala pa kompyuta yomwe ikanatsitsa zonsezo pa ola limodzi. Kunabweranso uthenga wondikumbutsa kuti kwatsala masiku awiri. Ndinausiya dala, kuti naye aone kuti sindinaikhudze.

Tsiku lachisanu ndi chinayi amayi anandifunsa tikudya, ngati vidiyo ija ilipo. Anati ayamba kuiwala mmene bambo ankasekera.

Ndinathamangira pashopu. Ndinadina linki. Kunalibe kanthu.

Ndinamuimbira Dindo. Anandiuza kuti vidiyoyo anaikweza masiku atatu ndi bandulo ya pafoni, poti pashopu ndinamuletsa. Pa memori khadi yomwe munali fiestayo anali atajambulirapo kale maukwati awiri. Anapita nayo kwa okonza makompyuta, osapezamo ngakhale mphindi imodzi.

"Unati ndifufute, Lorelie. Ndinaganiza kuti ine ungandikane, koma bambo ako ayi."

Ndikanangopepesa pomwepo. Ndinadula foni.

Kunyumba amayi anali kudikira. Ndinawauza kuti Dindo anafufuta vidiyo. Sindinaname, koma za linki sindinatchule.

"Mwana uja?" anatero. "Amene ndinkamusungira mutu wa nsomba uja?"

Sanalire. Anangosiya kudya.

Pano patha miyezi isanu. Lamlungu lililonse tikatuluka ku Misa, Dindo amabwera kudzatenga dzanja la amayi kuti aliike pachipumi pake monga kale, mwambo wathu wolemekezera akuluakulu. Amayi amalibweza n'kuyang'ana kumbali. Iye amangondiyang'ana ine n'kupita. Imelo ija ali nayo. Akanatha kuwaonetsa tsiku loyamba lomwe.

Anzanga, iye anakhulupirira mawu omwe ndinalankhula nditakwiya. Ine sindinakhulupirire omwe analemba mtima uli pansi.

Dzulo amayi andipempha ndiwasindikizire chithunzi cha bambo cha pachiphaso, chija sakuseka. Ati basi, ndi chokhacho chomwe mnyamata uja anatisiyira.

Ndawasindikizira. Ndipo sindinanenebe.