Tsiku Lomwe Ndinakana Galimoto ya Abwana

Mwana wanga anadwala nthawi yothyola fodya, mvula ili pakati. Tinali matenanti pa esiteti ina kwa Mlonyeni, ine ndi bambo ake, ndipo mwanayo anali woyamba, atangoyamba kumene kuyenda chogwira khoma. Thupi linayamba kutentha dzulo lake, ine n'kumati ndi mano. M'mawa ndinamubereka kupita naye ku chigafa kukasoka fodya, poti fodya wothyola sadikira munthu, ukachedwa amapsa pamulu. Ndili mkati mosoka ndinangomva kumsanaku mwana wauma gwa, kenako wayamba kunjenjemera, timiyendo tikundimenya m'nthiti. Pomutsitsa, maso anali atatembenuka, kukuoneka koyera kokhakokha.

Kaya ndinakuwa kaya sindinakuwe, sindikumbuka. Chomwe ndimakumbuka ndi singano yosokera fodya ili m'manja mwanga mpaka pakhomo pa alangizi a zaumoyo, amene ankakhala kuseri kwa tchalitchi. Ndi iwo anandilanda singanoyo. Anamubaya mwana pachala, anayang'ana kachipangizo kawo, anamuika mankhwala, ndiye anati, "Awa ndi malungo aakulu. Mankhwala ndamupatsawa ndi ongomugwiriziza panjira. Pitani ku chipatala cha ku boma, musadutsenso kunyumba kukasintha zovala."

Ku boma ndi kutali. Masiku amenewo petulo anali atasowa paliponse, anyamata a kabaza njinga zawo zamoto anazitsamiritsa m'makonde, iwo n'kumangosewera bawo. Bambo ake anabwera akuthamanga kuchokera kumunda, manja ali bii ndi utomoni wa fodya, anati palibenso kwina, tiye kunyumba ya abwana.

Pabwalo pa abwana pankaima magalimoto awiri. Yoyamba inali yawo eni ake, chigalimoto chakuda, chachitali, chokwera ngati ukukwera pankhokwe, mipando yake yachikopa yoyera. Ikalira tinkaimva tili kumunda. Inali ndi dalaivala wake, bambo wonenepa, wanthabwala, amene mkazi aliyense pa esitetipo ankamutcha mlamu. Yachiwiri inali ya mwana wamkazi wa abwana, mayi wamkulu ndithu amene ankayang'anira za munda, ife tonse tinkangoti asisi. Yawoyo inali yaying'ono, yoyera, yokwererako pang'ono, koma yosamwa petulo. Inkayendera magetsi. Madzulo aliwonse ankaisomeka chingwe pakhoma ngati mbuzi yomangirira.

Kagalimoto kameneko ife tinkakaopa. Kumjigo amayi ankanena kuti mphenzi imakatsatira. Ena ankati ukakagwira ndi manja onyowa umauma pomwepo. Ndipo sikankalira ayi. Umangoona kafika kumbuyo kwako, nkhuku zomwe sizinkakamva. Ine tsiku lina kanandipeza panjira ndi ndowa pamutu, madzi onse anathera m'khosi. Kuyambira pamenepo ndikakaona patali ndinkapatukira m'chimanga.

Abwana tinawapeza pakhonde. Atamuona mwana sanafunse zambiri, anangoitana adalaivala ndi asisi. Adalaivala ndi amene anayamba.

"Alamu, musade nkhawa. Iyi ndi ndege. Matope a padambo paja imangowaponda ngati mphasa. Tingodutsa kaye kumalire, kuli mnyamata wanga amabwera ndi zigubu kuchokera ku Zambia, tikathira basi ulendo."

"Mafuta alimo ochuluka bwanji?" anafunsa asisi.

"Alimo, asisi."

"Okafika ku boma?"

"Okafika kwa mnyamatayo."

"Akakhala kuti lero sanabwere?"

"Amabwera. Inu kachidole kanuka kakatitimira padambo, muitana ife tomwe."

"Kachidole kameneka ndi kamene kakhala kakukubweretserani buledi masiku onsewa, ndege yanu ikuwothera dzuwa."

Ankalankhula choseka, mwana ali m'manja mwangamu walefuka ngati nsanza, mpweya ukutuluka pang'onopang'ono. Bambo ake anandinong'oneza. "Amake mwana, tikwere yayikulu. Kamagetsika ndi mitamboyi ayi." Kumwamba kunalidi kutada mbali ya ku Zambia.

Abwana anandiyang'ana ine. "Mayi, zonse ziwiri zilipo. Mwana ali m'manja mwanu, nenani."

Kwathu ku Dedza nkhani yotere sinenedwa ndi ine. Pakanakhala mlongo wanga, amalume ake a mwana, iwo ndi amene akanati kwerani iyi, ndipo zikanavuta palibe akanandiloza chala. Koma kuno tinabwera awiriwiri kudzalima fodya, mbale wanga panalibe ngakhale mmodzi. Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale, za magalimoto ndidziwa chiyani? Ndinayang'ana yayikulu ija, matayala ake ofika m'chiuno mwanga, mtima n'kumati iyi ndiye galimoto. Ndinayang'ana kakang'ono kaja, chingwe chikadali pakhoma.

Koma kumalire ndi uko, ku boma ndi uku. Ndiye ndikhale m'galimoto yoti yapatsa chipatala msana, mwana ali chonchi? Ndipo amuna akanena kuti tingodutsa kaye, ine ndimawadziwa. Pali kupatsana moni, pali kudikira mnyamata wapita kukadya, pali kununkhiza chigubu ngati sanathiremo palafini.

"Ndikwera ya asisi," ndinatero.

Bambo ake anandiyang'ana ngati ndawatukwana pagulu. Adalaivala anaseka. "Alamu mwandikana masanasana." Asisi anazula chingwe chija n'kutsegula chitseko chakumbuyo. Ndinapukuta manja pachitenje kuti asakhale onyowa, ndinatseka maso, ndinalowa. Palibe chinandigwira. Bambo ake anakhala kutsogolo, manja atawapinda pachifuwa kuti asakhudze chitsulo chilichonse.

Ndinkadikira kuti ailize. Poyang'ana pawindo, mitengo ya bulugama ya pageti inali ikubwerera m'mbuyo, tanyamuka kale.

Chimene sindidzaiwala ndi bata la m'katimo. Munalibe phokoso, matayala okha kuphwanya timiyala. Ndiye mwana ndinkamumva kupuma. Kulowa, kutuluka, kenako kanthawi kachete koti mtima wanga uime, kenako kulowanso. Ndinaika khutu pafupi ndi kamphuno kake ulendo wonse. Asisi osacheuka ankafunsa kuti, "Akupuma?" ine n'kumati, "Akupuma." Patapita kanthawi anasiya kufunsa, anati akumumva okha.

Diso limodzi linali pa mwana, lina pa mapolo a magetsi m'mbali mwa msewu. Ine m'mutu mwanga ndinkadziwa kuti galimoto ya magetsi imayamwa moto ku mawaya amenewo pamene ikuyenda, apo ayi iyenda bwanji chingwe atachisiya kunyumba? Ndiye polo iliyonse ndinkaithokoza mumtima. Msewu ukakhota n'kutalikirana ndi mawaya ndinkagwira mpweya mpaka akumanenso.

Tinafika pamsika wina pomwe pali chigayo. Chigayo chimenecho chimamveka patali, koma tsiku limenelo kunali zii. Amayi anali atakhala pansi pa mtengo, matumba a chimanga atawandandalika pamzere, ena atagona powatsamira. Wometa tsitsi anali panja, makina ali m'manja, akungocheza. Ndinadziwa pompo.

"Asisi, magetsi azima."

"Eya, azima m'mawa."

"Ndiye tiima? Asisi, tiima pati? Bambo ake, ndalakwitsa ine, tikanakwera yayikulu ija, imbirani adalaivala atitsatire." Ndinayamba kulira, chitseko ndikuchifunafuna chotsegulira, kaya ndinkafuna nditsike ndithamange naye wapansi.

"Mayi, khalani pansi," anatero asisi. Sanaseke, ndimawathokoza pa chimenecho. "Foni muli nayo?"

"Ali nayo bambo ake."

"Magetsi akazima, foniyo imazima nawo?"

Anayankha ndi bambo ake. "Ayi, ikakhala yotchaja."

"Iyinso ndi chimodzimodzi. Ili ndi batire pansi pomwe mwakhalapo. Yadya kale kunyumba, kuchokera ku masola aja okola dzuwa ali padenga la shedi. Onani apa." Analoza pagalasi lowala patsogolo pawo, panali kachithunzi ka batire ngati ka pafoni, kobiriwira, kodzaza pafupifupi kukamwa. "Tipita ku boma n'kubwerera, kadzakhala kasanafike pakati."

Ndinakweza miyendo pang'ono nditamva kuti ndakhalira batire. Koma mtima unatsika. Chigayo chinatsala m'mbuyo, ife tikupitabe.

Ndiye kunabwera dambo lija ankanena adalaivala. Mvula ya dzulo lake inali itasiya matope akuda, ngolo za ng'ombe zitakumba mikwasa iwiri yakuya. Asisi analowa pang'onopang'ono, galimoto inaterereka, inawongoka, inaterereka, kenako pakati penipeni inakhala pansi. Matayala ankangozungulira, matope kuwaza m'magalasi. Nthawi yomweyo kumwamba kunagunda, timadontho tinayamba, ndipo mwana anaumanso m'manja mwanga, kukomoka kuja kwabwerera. Ndinamugoneka chammbali pamiyendo monga anandiuzira alangizi, thovu likutuluka pakamwa, ine n'kumangoti Ambuye, Ambuye, mawu ena onse atandithawa.

Kutsidya kunali abambo ena ndi ngolo yawo. Anabwera akukwinya mabuluku.

"Lizani injini, mayi, tikukankheni."

"Yalira kale," anatero asisi.

"Yalira kuti? Yazima iyi."

"Ndi ya magetsi, bambo. Kankhani."

Atamva za magetsi onse anabwerera m'mbuyo. Wina anati, "Mvula ikugwa, ife tili m'madzi, mufuna mutiwotche?"

Bambo ake anacheuka, anamuona mwana mmene analili. Munthu amene njira yonse sanakhudze ngakhale chitseko anatsika, analowa m'matope mpaka m'mawondo, anaika manja onse awiri kumbuyo kwa galimoto, manja onyowa, n'kuima choncho kuti onse aone.

"Ndafa?" anawafunsa. "Muli mwana umu."

Anabwera onse. Kagalimoto kanali kolemera kuposa maonekedwe ake, anachita kubuula, wina n'kumati kameza miyala kameneka, koma atakankha ndi mphamvu kanatuluka ngati phazi m'thope la dongo. Bambo ake analumphiramo ndi matope awo onse, anayamba kupepesa za mpando, asisi anati mpando amachapa. Mwana anali atalefukanso, kupuma kwabwerera. Ndinakumva bwinobwino.

Pa tala asisi anaponda. Sindinadziwe kuti kanthu kachete chonchija kangathamange motero, mitengo inkangodutsa ngati mizere. Polowa m'tauni tinadutsa pothirira mafuta. Mzere wa magalimoto unali utakhota mpaka kuseri kwa masitolo, pakati pake zigalimoto zikuluzikulu zonga ya abwana, madalaivala atagona miyendo ili pawindo. Ndinaona, koma sindinaganize kanthu. Maso anga anali kufuna geti la chipatala.

Anamwino anamulandira mwana m'manja mwanga osatiimika pamzere. Anamuika diripi pakadzanja, anamubaya, anati magazi achepa koma tafika nthawi yabwino. Ine ndinakhala pansi pa simenti m'khonde, ndipo ndi pamene ndinaona kuti ndabwera wopanda nsapato. Asisi anakatigulira mabanzi ndi chitenje chatsopano asanabwerere. Ndinafuna kugwada kuti ndithokoze, anandigwira mkono, anati ndisunge mphamvu za mwana.

Bambo ake anabwerera nawo kukaona fodya, anabweranso m'mawa mwake ndi bulangete ndi kapoto. Anabwera ndi nkhani. Akuti titangochoka adalaivala anapitadi kumalire, mnyamata wa zigubu anamupeza, ndipo dzuwa lisanafike pamutu chigalimoto chinali chitabwerera chodzaza.

"Ukuona? Ikanatifikitsa. Ndipo padambo sitikanatitimira."

"Mwina," ndinatero.

"Si mwina. Buluku langa lawonongeka chifukwa cha iwe."

"Mukanakonda liwonongeke buluku kapena chiyani?"

Mpaka lero tikaikumbuka nkhaniyi iwo amati yayikulu ikanafika msanga, ine ndimati palibe akudziwa, ndipo timasiyira pomwepo. Mwina amanena zoona. Ine ndinasankha ndi mantha, sindinasankhe ndi nzeru, ndipo atandibwezera pabwalo paja ndi mwana ali chonchija ndikhoza kunjenjemera chimodzimodzi.

Tikukangana choncho pambali pa bedi, mwana anatsegula maso. Anayang'ana denga, anayang'ana bambo ake, anayang'ana kadzanja kake komangidwa ndi pulasitala, ndiye anakwiya. Analira kulira kwenikweni, kokweza, kwa munthu wolakwiridwa, akukoka chingwe cha diripi kuti achizule. Amayi a pabedi loyandikana anadzuka n'kukhala tsonga. Anamwino anabwera akuthamanga, atamuona anaima n'kugwira m'chiuno.

"Uyu ndiye mwabwera naye dzulo uja? Mgwireni dzanja asazule. Ndipo mumuyamwitse, mayi, sakulira matenda ameneyu, ndi njala."

Ndinamuika kubere. Anakoka mwamphamvu mpaka ndinamva kuwawa, kadzanja kena katagwira bulauzi yanga kuti ndisathawe. Ndinamusiya akoke.