Munda wa Ndodo ku Kaumbwe

Tsiku lomaliza Bonaventure kuona atate ake ali moyo, anawapeza akukalipila mtengo. Unali mtengo wa maapozi, umodzi wokha m'mudzi mwawo ku Kaumbwe, ndipo pa zaka khumi unali utabala zipatso zisanu ndi ziwili basi.

"Iwe waulesi," anatelo a Tomasi uku akuthila madzi. "Kumwa ngati ng'ombe, kubala ngati mwala." Kenako anatembenukila mwana wawo. "Pita kukoleji, ukaphunzile zouchititsa manyazi uyu."

Patapita miyezi itatu a Tomasi anamwalila. Bonaventure anabwela kumalilo, ndipo ku koleji ya zaulimi kuja sanabwelelekonso. Opepesa anadya mbuzi ziwili n'kumapita. Mtengo nawo unayamba kuuma, chiswe chitaulowa kunsi.

Mnyamatayo anatsimikiza zopulumutsako mbewu ya atate ake. Kwawoko aliyense amadziwa kubzala chinangwa: dula, baya pansi, iwala. Anadula tinthambi makumi atatu n'kutibaya padzuwa, m'mizele yoongoka bwino.

"A Pulofesa," anatelo a Abednego, oyandikana nawo, atatsamila pampanda, "mwabzala ndodo za okalamba? Mundisungileko imodzi, bondo likundivuta."

Tinthambi tonse tinauma. Amai ake, a Febby, anatisonkheza pamoto, nati tiyi wa tsikulo anakoma kwambili.

Apa m'pamene anatsegula kope lake lakukoleji. Patsamba lomaliza panali polembedwa kuti nthambi uzidule nyengo yozizila masamba atayoyoka, zonenepa ngati pensulo, uzibzale mumchenga wonyowa pamthunzi, uvindikile ndi botolo lodula pakati, "ndipo osayesa n'komwe ku". Mawu anathela pomwepo. Ndi pamene foni ya malilo inalila tsiku lija.

Mu Juni anabzala tinthambi khumi ndi tiwili, natsatila zonse. Koma mtima sunam'lole kudikila. M'mawa uliwonse ankatizula kuti aone ngati tamela mizu, n'kutibwezela. Tinauma tili pamthunzi pomwepo.

"Iwe Bona," anatelo amai ake, "pamene unali khanda sindinkakudzutsa ola lililonse kuti ndione ngati ukugona. Mawu osowa m'kope mwakomo ndi amenewo. Usazule."

Pamtengo panali patatsala nthambi imodzi yamoyo. Inatulutsa tinthambi titatu. A Febby anakokela mpando pafupi ndi zitini zomwe anatibzalamo, mthiko uli m'manja, kulondela mbuzi ndi mwana wawo yemwe.

Milungu isanu ndi itatu inadutsa. Tiwili tinada. Bonaventure anagwada pa kachitatu, manja atawapinda kumbuyo kuopa mthiko.

"Iwe waulesi," anatelo. "Kumwa ngati ng'ombe."

A Febby anadzuka n'kulowa m'nyumba, akuti utsi wawalowa m'maso. Moto panalibe.

Mtengo wa a Tomasi unagwa mu Okutobala. Mlungu womwewo Bonaventure ananyamula chitini kuti asese, ndipo pabowo la kunsi panali patatuluka kamuzu koyela.

A Abednego anabwela kudzaona. "Ndodo yanga ija bwanji?"

"Mudikile zaka khumi, bambo."

Inu amene kope lanu linathela pakati pa mawu, osataya mtima. Funsani amene atsala, bzalaninso, ndipo manja muwaike kumbuyo.

Kamtengoko Bonaventure anakaokela pamene panali mtengo wa atate ake pa 9 Disembala 2023.