Timphira ta Thanki ya Nsomba ku Joni

Chaka chimene chimanga chathu chinauma chisanamasule, ndinauza mkazi wanga, mayi a Tadala, kuti ndikupita ku Joni. Tinaima m'munda mwathu m'mbali mwa Rivirivi, mapesi akusweka kumapazi. Anandifunsa funso limodzi lokha: "Mwapemphera?" Ndinavomera. "Ndiye pitani," anatero.

Ku Balaka ndinali wokonza njinga pafupi ndi depoti. Koma chaka cha njala wakabaza amamata yekha chubu chake, ndipo ine ndinkabwerera kunyumba chimanjamanja.

Amene anandipezera ntchito ndi Che Yusufu a ku Ntaja, omwe tinadziwana m'basi. Inali sitolo imene iwonso ankagwiramo ntchito, yogulitsa nsomba zongoonera, zosadya, zokhala m'mathanki agalasi. Zina zinali mbuna zakwathu konkuno. Ndinkaziyang'ana n'kumati, nanunso abale muli kuchilendo ngati ine.

Ku Joni kumazizira koopsa, choncho thanki iliyonse ili ndi hita, kandodo kagalasi kotenthetsa madzi. Chimene chimagwira hitayo kukhoma la thanki ndi timphira tiwiri tozungulira, tomata popanda guluu. Timphira timeneti ndi timene tinandisautsa. Ndikamata lero, mawa ndipeza hita ili gone pamchenga, paipi ya mpweya ikuyandama, nsomba zitaunjikana pakona. Bwana wa sitoloyo ankangoloza ndi chala osalankhula, ndipo chalacho chinkandiwawa kuposa mawu.

Lero ndikakumbukira zimene ndinachita ndimagwira pakamwa. Ndinaganiza ngati wokonza njinga: mphira wokana kugwira, mankhwala ake ndi guluu. Ndinagula guluu womatira machubu, ndinapungula madzi m'thanki yaikulu ya mbuna, ndinapaka timphira tonse, ndipo tinagwira gwa. Ndinaweruka ndikuimba nyimbo yamayamiko.

M'mawa mwake nsomba zonse za m'thankimo zinali zitayang'anitsa mimba kumwamba.

"Walahi, achimwene, mwazimata ngati tayala la kabaza!" anatero Che Yusufu atanunkhiza kamphira kamodzi. Sanaseke.

Woyesa uja, mdyerekezi, anandinong'oneza kuti ndinene kuti ndi matenda, pakuti nsomba sizichitira munthu umboni. Ndinalowa kosungira katundu, ndinagwada pakati pa matumba a mchenga. Ndinadziwa kuti Iye amene amawerenga tsitsi la pamutu panga anaziwerenganso nsombazo. Nditatuluka ndinati, "Che Yusufu, ndikukanena." Iwo anapukuta manja. "Tiyeni limodzi. Chingerezi chanu chingakuphetseni."

Bwana sanandichotse, koma anandisiyira masiku awiri okha pasabata. Ananenanso kuti hita ikadzagwanso ngakhale imodzi miyezi iwiri isanathe, ndidzanyamule chikwama. Malipiro a masiku awiri ankathera pa lendi ndi buledi. Miyezi iwiri sindinatumize kanthu kumudzi. Mayi a Tadala akaimba foni ndinkati, "Zonse zili bwino, kungoti otumiza ndalama akuvuta." Bwana ndinamuuza zoona, koma mkazi wanga ndinamunamiza. Lamulungu kutchalitchi ndinkakhala kumbuyo, pakati pa anthu oimba m'chinenero chimene sindimachimva, ndipo sindinasungulumwepo chotero.

Koma ndinatsimikiza mtima kuti sindibwerera ku Rivirivi nditagonja ndi kamphira. Ndinapempha galasi losweka ndi timphira takale, ndinaika m'chidebe kuchipinda kwanga, ndipo masiku osagwira ntchito ndinkayesa. Ndinapeza kuti galasi looneka loyera limakhala ndi ndere yopyapyala yoterera, imene diso siliona koma chala chimaimva. Apo m'pamene ndinadzidzudzula. Ine amene ndinkauza akabaza kuti chigamba chimagwira chifukwa cha kupala, ndinaiwala kupala! Ndinapala ndi lezala, ndinapukuta ndi vinega, ndinatsukuluza bwinobwino. Timphira touma ndinkativiika m'madzi otentha mpaka tifewe, tong'aluka ndinkataya. Pomata ndinkasindikiza pakati ndi chala chachikulu kuti mpweya wonse utulukire m'mbali. Ndinaonanso kuti chingwe cha magetsi chikakhala chokoka chimazula hita pang'onopang'ono, ndiye ndinkachisiya chokhwepa.

M'mawa wa tsiku lililonse logwira ntchito ndinkalowa m'sitolo ndikupemphera chamumtima, ndikuyenda thanki ndi thanki. Miyezi iwiri ija inatha, palibe hita inagwa. Bwana anakoka hita imodzi ndi dzanja lake, inakana. Anandiyang'ana n'kunena kuti ndizibwera masiku onse. Ndinakhalako zaka zitatu, ndipo pomaliza makasitomala odandaula za timphira ankawatumiza kwa ine.

Nditabwerako ndinapeza nyumba ili ndi malata, Tadala atatalika kundifika paphewa, dimba lobiriwira ndi tomato kumtsinje. Koma bodza lija linkandilemera. Tsiku lachitatu tikuthirira, ndinatula kheni pansi.

"Mayi a Tadala, pali chimene ndinakubisirani. Miyezi ija sindinatumize..."

"Ya nsomba zija munapha ndi guluu?"

Ndinatuzula maso.

"Iyayi, musatuzule maso. Akazi a Che Yusufu anandiimbira sabata yomweyo. Anatumizanso mpunga pa minibasi, osandidziwa ndi nkhope yomwe."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndinene chiyani, munthu akulimbana? Ndinakauza amayi anzanga kumpingo. Tinasala kudya Lachinayi lathunthu. A Nachisale ndiwo anatsogolera, amvekere, 'Ambuye, timphira ta bambo a Tadala sititidziwa, sitinationepo, koma Inu mukutidziwa. Tigwireni!'"

Ndinakhala pansi pamzere wa tomato. Zaka zonsezo ndinkayesa kuti ndine ndanyamula mudzi pamsana, ndekhandekha m'kachipinda kozizira, chonsecho amayi a ku Rivirivi anali chigwadire chifukwa cha ine.

"Dzukani apo mukuthyola mbewu," anatero mayi a Tadala, akundipatsa kheni. "Ndipo Lamulungu mukawafotokozere amayiwo. Mpaka lero a Nachisale amandifunsa kuti timphirato tinali ta chiyani."