Nyumba Imene a Dyna Anayeza ndi Miyendo

Ine ndine Taonga, ndimagwira ntchito pa nyumba ina yosamalira okalamba ku Ilford, ndipo anthu amati ndili ndi pakamwa. Sindikana. Koma lero pakamwa pomwepa ndikufuna nditamandire munthu, chifukwa a Dyna Kalimbuka tinawaseka mokwanira, wotsogolera kusekako ndili ine.

A Dyna ndi nesi. Kwawo ndi ku Ntcheu, chakufupi ndi Bilila, ndipo anagwira ntchito ku Gulupu zaka khumi ndi ziwiri asanabwere ku London mu 2001. Ndi mayi wamfupi, wojintcha, wosakonda zolongolola. Mukamacheza nawo amangoti "mmm", inu n'kumayesa kuti sakumva, koma pakatha mwezi adzakukumbutsani mawu anu onse. Amuna awo a Walter ndi mwana wawo Stephanie anawatsatira patapita chaka, ndipo banjalo linapeza fulati ku Thamesmead, pamwamba penipeni pa mdadada, moyang'anana ndi mtsinje wa Thames. Lendi inali yopepuka, zipinda zazikulu bwino. Vuto la Thamesmead ndi limodzi, kulibe sitima. Utsike sitima ku Abbey Wood, udikire basi pamphepo, utsikenso basiyo, kenako uyambe kusochera pakati pa midadada yofanana yokhayokha.

Mu Febuluwale 2004 bambo awo a Dyna anamwalira kumudzi. Mukudziwa kuti kwathu maliro sachedwa. Uthenga unafika Lachiwiri m'mawa, kuika kunali Lachitatu, ndipo palibe ndege imene ikanawafikitsa. Ndiye ife Amalawi a kuno tili ndi kachitidwe kathu. Timakakhala maliro m'nyumba ya woferedwayo ngati kuti thupi lili pomwepo. Mipando timatulutsa, amayi timavala zitenje pamwamba pa yunifomu n'kukhala pansi titatambasula miyendo, abambo amakhala panja, ndipo timaimba ndi kulira naye mnzathuyo. Kwa munthu amene sangakaponye dothi m'manda, maliro ake onse ndi amenewo.

Tsiku limenelo ku Thamesmead tinafika anthu anayi. Anayi basi. Ena anaimba foni kupepesa kuti akaweruka shifiti sangakwanitse sitima ndi basi, n'kudzabwereranso m'mawa ku ntchito. Ena ananyamuka ndithu, koma anasochera n'kubwerera. Chikepe cha pamdadada chinali chitafa, moti mayi Tionenji, mayi wathu wamkulu wa ku tchalitchi amene mawondo ake ndi ovuta, anakwera masitepe onsewo akupuma pakona paliponse, n'kufika pamwamba mawu atawathera.

Tinakhala pansi m'chipinda chachikulucho ngati nyemba zinayi m'lichero. Tinayamba nyimbo, inafera m'njira. Ndipo a Dyna sanalire. Anaimirira, namfedwa mwiniwakeyo, n'kukatiphikira tiyi. Manyazi amene anandigwira tsiku limenelo sindinawaiwale mpaka lero.

Ndinawatsatira kukhitchini. "Asisi, khalani pansi. Lirani, musadzipweteke."

"Ndilire ndi ndani, Taonga?" anatero osatembenuka. "Ndikayamba ine, wondilandira ndani?"

Kumudzi kunatsala mayi awo, okalamba, odwala shuga. Patatha masabata angapo, tikutuluka m'tchalitchi, a Dyna anandikokera pambali n'kundiuza mawu ochepa: "Amayi anga sindidzawalirira m'nyumba ija." Ine ndinayesa ndi mawu a chisoni chabe. Sindinkawadziwa bwino.

Anatenga mapu a sitima, aja amangogawa pa siteshoni, n'kuwamata pa filiji. Ndi cholembera chofiira anaika kadontho paliponse pamene Mmalawi wodziwika amakhala kapena kugwira ntchito. Whitechapel, Tottenham, Plaistow, mpaka ku Basildon. Kenako tsiku lililonse limene anali pa ofu ankandiimbira. "Taonga, lero uli ofu? Tenga khadi yako ya sitima." Miyezi inapita choncho, ife tili m'sitima, kukwera ndi kutsika, anzathu akupuma m'nyumba zawo.

Tinayambira ku Greenwich chifukwa a Walter ankakukonda. Kokongola ndithu, ana a sukulu ya ukachenjede piringupiringu, maboti pamtsinje, tisitima tija toyenda topanda dalaivala. Titamva lendi yake tinangoyang'anizana, n'kuthokoza, n'kutuluka mwaulemu. A Walter sanagwe mphwayi. Anapeza nyumba ku tauni ina ya ku Kent, zipinda zinayi, galaja, kapinga wobiriwira, mtengo wotsika zedi. Tinapita tonse kukaona Lamulungu masana. Pa siteshoni panali zii, sitima imodzi pa ola. Mumsewu wa nyumbayo munalibe munthu ngakhale mmodzi, koma makatani ankagwedezeka pamene tinkadutsa.

"Kuno tikaimba ndime imodzi, apolisi afika," anatero a Dyna. Ndipo nkhani ya ku Kent inathera pomwepo.

Ku Barking tinafika Loweruka m'mawa. Tisanatuluke n'komwe m'siteshoni a Dyna anaima pansi pa chikwangwani n'kumawerenga ndi chala. Sitima za District, zija zobiriwira pa mapu, zimadutsa pomwepo. Za Hammersmith zimathera pomwepo. Za c2c zochokera ku Basildon ndi Southend zimaima pomwepo, ndiponso pali kasitima kena kochokera mbali ya Tottenham. Madontho awo ofiira onse anali ndi njira yofikira pamenepo popanda basi. Titatuluka tinalowa mumsika, ndiye phokoso lake! Anaijeriya akutsutsana mtengo wa nsomba, Akongo atavala ngati akupita ku ukwati, therere, chinangwa, ufa m'matumba, pamwamba pa golosale ina tchalitchi chikuyeserera ng'oma dzuwa likuswa mtengo. A Dyna anapuma mpweya wautali. "Kuno anthu sadabwa ndi phokoso," anatero. Lendi yakenso inali yoti a Dyna, nesi, ndi a Walter, dalaivala wa basi, angaikwanitse.

Tauni inapezeka, inatsala nyumba. Apa ndi pamene ndinachita nawo manyazi. Wotionetsa nyumba anali mnyamata wa kampani ya malendi dzina lake Killian, wa suti yonyezimira ndi mafungulo ambirimbiri. Iye ankayamba kutamanda khitchini ndi mawindo atsopano. A Dyna osamvera n'komwe. Ankalunjika pabalaza, kutulutsa chitenje m'chikwama, kumanga m'chiuno, n'kukhala pansi atatsamira khoma, miyendo tambasu. Kenako ankasendera pang'ono, kusenderanso, kuzungulira khoma lonse akuwerenga chamumtima kuti pangakwane amayi angati.

"Taonga, khala uko, utambasule."

Ine n'kukhala khoma linalo, munthu wamkulu, nditavala jekete langa labwino. Mapazi athu akagundana pakati, nyumbayo yalephera, chifukwa pamafunika kanjira kodutsa anthu odzapepesa. Killian tsiku loyamba anafunsa ngati mayiwo akudwala, aitane ambulansi. Atamuuza kuti akuyeza, anamwetulira n'kufunsa ngati amakonda maphwando.

"Ayi, mwana wanga. Ndi za maliro," anayankha a Dyna.

Mnyamata uja nkhope inafiira mpaka m'makutu, ndipo kuyambira pamenepo ankatitsegulira chitseko n'kudikira panja.

Muyeso wina unali mayi Tionenji. Nyumba ikapambana pabalaza, a Dyna ankawatenga mayiwo n'kuyenda nawo kuchokera pa siteshoni mpaka pakhomo. Akapuma koposa kamodzi panjira, nyumbayo yalepheranso. Ya masitepe sankaiyang'ana n'komwe, ndipo kuseri kunayenera kukhala kabwalo koti abambo akhalepo.

Nkhani imeneyi ndinaifalitsa ndine, ndivomere. Ndinkachita kukhala pansi ku tchalitchi kuwayeserera, anthu n'kumagwa nacho chikhakhali. Koma inapita patali. Ena anayamba kunena kuti ndi malodza, munthu wanji wofuna nyumba ya maliro mayi ake ali moyo? Mawuwo anawapeza a Walter, ndipo tsiku lina anapsa mtima ine ndili pomwepo.

"Amake Stephanie, anthu akuti mukuitanira apongozi imfa. Amayi ali moyo, chaka chino alima okha. Tasiya nyumba ya galaja chifukwa cha maliro amene kulibe?"

A Dyna anapitiriza kupinda zovala. "Bambo a Stephanie, kumudzi pomanga nyumba yathu ija munasiya bwalo lalikulu kutsogolo. Munkaitana imfa?"

"Izo ndi zina."

"Si zina. Pa maliro a bambo munalipo. Munaona."

A Walter anaimirira. Anatenga jekete n'kukakhala m'galimoto.

Nyumba imene inapambana inali yachisanu ndi chiwiri, yakale, ya mumzere wa nyumba zogundizana. Mapepala a m'khoma anali onyansa, khitchini yoti awiri sangapatukirane, galimoto yogona mumsewu. Koma eni ake akale anagumula khoma la pakati, zipinda ziwiri n'kukhala balaza limodzi lalitali. A Dyna analizungulira ndi matako mpaka kubwerera pamene anayambira, ndipo ndinawaona akumwetulira koyamba chichokereni maliro aja. Mayi Tionenji anafika pakhomo osapuma ngakhale kamodzi, akucheza. Anasamuka mu Seputembala 2005, a Walter nkhope ili bii mwezi wathunthu.

Zimene zinatsatira palibe amene anaziyembekeza, kaya mwina a Dyna eni ake. Nyumba yofikika anthu sadikira maliro. Kwaya inayamba kuphunzirira momwemo. Chinkhoswe cha mwana wa mnzathu chinachitikira momwemo. Nesi watsopano akatsika ndege ankangouzidwa kuti kwera yobiriwira utsike pa Barking, ufunse kwa a Kalimbuka. Spiwe, mtsikana wa ku Zimbabwe amene agogo ake anachokera ku Dedza, atataya mchimwene wake analibe pokhalira maliro chifukwa ankachita lendi kachipinda kamodzi, ndipo a Dyna anangoti abwere kuno. A Walter, omwe aja a galaja, anagula mipando yopinda n'kumanga kadenga kuseri kuti abambo asamanyowe, ndipo ankauza alendo kuti nyumbayi tinaisankha mosamala kwambiri. Tinaisankha, eti. Ine ndinkangowayang'ana.

Mu Novembala 2007, Lachinayi m'mawa, a Goodwell, alongo awo a Dyna, anaimba foni kuchokera ku Ntcheu. Amayi anali atatisiya. Kuika mawa lake.

Nditafika cha m'ma teni ndinawapeza a Dyna akukankha okha sofa, maso ouma, akulamula Stephanie kuti achotse tebulo. Ndinaopa kuti zija zibwereza. Koma mayi Tionenji analowa pambuyo panga, n'kuwagwira dzanja.

"Khala pansi, mwanawe. Lero si iwe nesi."

Anakhala pansi pakona. Ndipo anthu anayamba kufika. Ochokera shifiti ya usiku anabwera osagona, mabaji ali pachifuwa. Amene ankalowa ntchito masana ankadzera kaye, kukhala ola limodzi, n'kuthamangira sitima podziwa kuti ina ibwera pakangopita mphindi zochepa. A ku Basildon, a ku Tottenham, a ku Whitechapel, ngakhale Azambiya ndi Azimbabwe a ku tchalitchi kwathu. Nsapato zinaunjikana pakhomo mpaka panja. Mayi wa ku Ghana wa nyumba yoyandikana atamva nyimbo anabwera ndi mpango kumutu, osafunsa chilichonse, n'kukhala pansi. Nyumba inadzaza tho, kanjira kapakati kali mpee, anthu akudutsa chogwada kukagwira dzanja la namfedwa. A Dyna ankalandira manjawo n'kumathokoza aliyense ndi dzina lake. Misozi ayi.

Lachisanu nthawi ya 12 koloko kuno, kumudzi ili 2 koloko, a Walter anaimba foni ya a Goodwell ndi khadi yoimbira kunja, n'kuiika pansi pakati pa balaza kuti tonse timve. A Goodwell anali pamanda, ataikweza m'mwamba. Tinamva mphepo, tinamva makasu, ndipo chapatali tinamva amayi a Mvano akuimba, mawu akudukaduka. Tonse tinawerama kumvetsera. Nyimbo ili pakati, foni inaduka.

A Walter anayamba kukanda khadi ina. Koma mayi Tionenji anaitola nyimbo ija pamene inadukira, ndi mawu awo osasa, ndipo amayi onse anailandira, abambo kuseri n'kuyankha ndi besi, mpaka mawindo ankachita kunjenjemera. Ine ndinali pafupi ndi a Dyna, phewa ndi phewa. Ndinamva thupi lawo likugwedezeka. Kenako pakamwa panatseguka.

"Ababa ine! Ababa!"

Tinayang'anana. Amene ankaikidwa anali amayi. Koma palibe amene anawakonza, chifukwa aliyense anamva. Anayamba ndi bambo awo, amene anali atagona m'manda zaka zitatu mwana wawo asanawalire, ndipo tinawalandira kulirako tonse, amene tinalipo tsiku lija ndi amene analephera kufika. Ine amene ndinkawayeserera ku tchalitchi ndinawagwira msana ndikulira ngati mwana. Atamaliza a bambo anapuma pang'ono, n'kupukuta m'maso ndi chitenje, kenako anaitana amayi awo, ndipo tinayambiranso nawo limodzi.