Ng'ombe zimene apongozi anga anakaitanitsa

Apongozi anga aakazi sankadziwa zaka zawo. Ankangoti nkhondo ya Ajeremani inawapeza ali kale kamtsikana kotha kubereka mwana kumbuyo. Anabereka ana asanu ndi anayi, naika m'manda anayi, ndipo amuna awo atamwalira anapitiriza okha kulima mpunga ku Kaporo, madzi akawakokolera n'kuwokeranso. Analinso azamba. Theka la mudzi linabadwira m'manja mwawo, ndiye ine namwino wochokera ku Dedza, wokwatiwa ndi mwana wawo wotsiriza, ankanditcha "anesi a mabuku". Pakamwa pawo panali poyabwa, ndipo ndinkawaopa.

Mwana wawo woyamba, alamu anga, anathawira ku Tanzania atamveka kuti ankagwirizana ndi nduna zija zinagalukira boma. Dzina lawo sitinkalitchula. Anasiya mkazi pakhomo, mayi wofatsa amene ankakama ng'ombe za apongozi ndi kuwakonzera chambiko. Patatha zaka zambiri, mayiyo anabwera kusikelo kwathu ali ndi pakati. Anandinong'oneza kuti amuna ake amawoloka Songwe madzi akaphwa. Ndinasangalala, ndipo mwa uchitsiru wanga ndinalemba dzina la alamu pakhadi, pamalo a bambo wa mwana. Kusukulu anatiphunzitsa kuti mzere susiyidwa wopanda kanthu.

Makhadi ankadutsa m'manja mwa anthu ambiri. Sabata isanathe, atcheyamani a chipani anatulukira pakhomo masanasana ndi anyamata atatu a malaya ofiira. Tinali tikupuntha mpunga. Ine ndinkadziwa mabanja amene anatengedwa onse pa nkhani yaing'ono kuposa iyi.

"Amama," anatero atcheyamani, khadi lili m'manja, "mwana wanu wachigawenga uja amagona m'nyumba muno. Pepala ili likunena."

Apongozi anapitiriza kupuntha. Kenaka anaponya ndodo pansi.

"Pepala likunena? Yayi! Analemba ndi Mchewa uyu, amene sadziwa ngakhale kulonjera. Mwana wane sindinamuone chichokereni. Ngati mukufuna mwini mimba, m'funseni hule uyu. Ine wandichititsa soni chomene."

Analoza mkazi wa alamu. Mayi uja anayang'ana apongozi, n'kuyang'ana ine, kenaka anagwada n'kuyamba kulira. Sanakane.

Atcheyamani sanakhutire. Anati mawu ndi mphepo, ndipo ngati nkhaniyo ndi yoona aone zimene mwambo umalamula. Kwa Ankhonde mkazi amalowoledwa ndi ng'ombe, ndipo akachimwa n'kubwezedwa kwawo, ng'ombezo zimabwerera kwa mwamuna. Apongozi anachitadi zomwezo. M'mawa mwake anam'longedzera katundu mpongozi wawo, ndipo anayenda okha ndi ndodo yawo mpaka kumudzi kwa makolo ake kukaitanitsa ng'ombe, akukalipa njira yonse kuti aliyense amve. Zitalowa m'khola mwathu, achipani anatisiya.

Ine ndinapita kukagwada pakhomo pa apongozi. "Amama, ndalakwa ine."

"Walakwa, inde," anatero osandiyang'ana. "Sono khala chete mpaka kufa. Ukauzako munthu, ngakhale m'busa, watipha tonse."

Mwana anabadwa wamwamuna, mphuno ndi chipumi za alamu anga zenizeni. Anthu ankaona, koma aliyense anali ndi khosi limodzi. Apongozi, amene analandira ana a mudzi wonse, sanapite kukamuona. Akakumana naye kumsika ankatembenuza nkhope. Tsiku lina kamwanako kanawathamangira n'kugwira chitenje chawo, iwo anakakankha pamaso pa anthu n'kunena kuti, "Choka, sindikudziwa iwe." Titafika kunyumba anakhala kuseri kwa nthochi mpaka dzuwa kupendeka, ndipo chakudya anakana. Mkaka wa ng'ombe zija sanaulawepo. Ankaupereka kwa ine kuti ndizipita nawo kusikelo "kwa ana onyentchera", ndipo tonse awiri tinkadziwa mwana amene ankanena.

Anamwalira nyengo yokolola, alamu asanabwerere, chipani chidakali chimodzi. Pamaliro panadzaza anthu, ndipo atcheyamani omwe aja analankhula, kuwayamikira kuti anali mayi wokhulupirika ku boma. Mkazi wa alamu anakhala patali, kumapeto kwa azimayi, akulira kuposa ife tonse. Ena ankam'nyogodola kuti akulira chiyani munthu wopirikitsidwa.

Mnyamata uja, amene tsopano anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, anabwera kudzakhala pafupi nane pamene ankatulutsa bokosi. Anandikoka dzanja.

"Anesi, agogo amenewa ankandideranji ine?"

Atcheyamani anali atakhala pampando kutsogolo kwathu, pafupi moti ndikanatha kuwagwira phewa. Ndinamuyang'ana mwanayo, ndipo ndinamuyankha kuti, "Sindikudziwa, mwanawe."