A Lumo ndi mabatani a malaya awo

Chimene sindinamvetsepo pa a Lumo n'chakuti ankameta anthu osayankhula. Ometa ena mumsewu wathu pakamwa sipatsekeka, koma iwo ankangokukhazika pampando n'kukupendeketsa mutu ndi zala ziwiri, basi. Dzinalo anawapatsa ndi makasitomala. Sanali munthu wodabwitsa: ankameta bwino, kusesa tsitsi, n'kubwerera kwawo.

Sitiroko inawagwetsa m'mawa wina akutsegula kanyumba kometerako. Potuluka m'chipatala, mkono ndi mwendo wakumanja zinali ngati zobwereka. Akazi awo anawasamala ngati dzira. Ankawasambitsa, kuwaveka, kuwadyetsa ndi supuni. Akangoyang'ana kapu, madzi afika kale pakamwa. Anansi ankati, "Mkazi ndi uyu!" Koma mayiwo ankaona okha kuti amuna awo akuzolowera mpando, ndipo ankaopa kuti sadzadzukaponso.

Anagogoda zitseko zambiri. Dokotala wa mafupa anati mafupa ali bwino. Wina anawonjezera mapiritsi a kuthamanga kwa magazi. Onse ankanena zoona, koma wodwala ankabwerera kunyumba pa njinga ya olumala yomweyo. Mayiwo sankadziwa n'komwe kuti dokotala amene akumufunayo amatchedwa chiyani.

Tsiku lina, akufuna chimbudzi pachipatalapo, anasochera. Kumapeto kwa khonde anaona chipinda chokhala ndi masitepe amatabwa ongothera pakhoma. Bambo wina wachikulire ankakwera masitepewo, thukuta lili kamukamu, uku mayi wa yunifolomu atangoima pambali, manja kumbuyo.

"Simungawagwire kodi?" anafunsa akazi a a Lumo.

"Tikawagwira ndiye kuti takwera ndife," anayankha wa yunifolomuyo. Atamva nkhani yonse anati, "Dokotala wake alipo. Ntchito yake ndi yomweyi, yoona kuti ziwalo zofooka ziyambirenso kugwira ntchito. Mubwere nawo."

Dokotalayo anali mayi wamfupi, wosachedwa ndi malonje. Anapinda mkono wa a Lumo, kutambasula zala, kugogoda bondo, n'kuwauza kuti akankhe dzanja lake ndi phazi.

"Bambo, mukufuna kudzachitanso chiyani?"

Palibe amene anali atawafunsapo a Lumo zimenezi.

"Kupita ndekha kuchimbudzi," anatero pansipansi.

"Chabwino, tiyambira pamenepo. Nanga malayawa amakumangani mabatani ndani?"

"Ine," anayankha akazi awo monyadira.

"Muleke."

"Adokotala, anthu anena kuti chiyani?"

"Anena ndithu. Koma dzanjali likadali ndi moyo, mayi. Likusowa ntchito chifukwa mwailanda ndinu."

Anawalembera masiku obwera kudzalimbitsa ziwalo m'chipinda cha masitepe chija, n'kuwapezera kachitsulo kogwira phazi kuti lisamakhwekhwereze pansi. Koma chovuta chenicheni chinali kunyumba. M'mawa mwake a Lumo analimbana ndi batani limodzi mpaka tiyi anazizira. Akazi awo anakhalira manja awo pampando kuti asawathandize. Mlongo wa a Lumo anawapeza chomwecho.

"Alamu, mwatopa nawo achimwene anga? Ngati mwatopa nenani, tikawasunge kwathu!"

"Ndatopa nawo liti? Ndi malamulo a adokotala."

"Adokotala ake ati opanda chisoni choncho? Bweretsani kuno, achimwene, ndikumangeni."

"Chotsa manja ako," anatero a Lumo. "Batani ndi langa."

Linalowa pabowo lolakwika, malaya n'kupendekeka. Anakhala nawo choncho tsiku lonse, osalola munthu kuwakhudza.

Miyezi inadutsa. Anagwapo kawiri, ndipo tsiku lina anaponya supuni pakhoma, n'kukaitola okha. Sindinena kuti anachira. Dzanja silinabwererenso mwakale, ndipo dokotala anawauza mosabisa kuti lumo asaligwirenso pakhosi pa munthu. Koma kuchimbudzi ankapita okha, n'kudzitsekera chitseko. Akazi awo anayambanso kugona tulo.

Loweruka lina m'mawa mayiwo ankayanika zovala kuseri. Atabwerera anapeza mpando uli wokha, ndodo palibe, nsapato palibe. Anathamangira pageti. A Lumo anali atafika kale pa golosale, akuyenda mopendekeka pang'ono, phazi likugunda pansi ngati akukhoma msomali. Sanacheuke.

Mlongo uja anatuluka m'nyumba akupukuta manja.

"Alamu! Mukungowayang'ana? Akupita kuti?"

"Kaya."

"Kaya? Simunawafunse?"

"Ndi munthu wamkulu," anatero mayiwo.

Anaima pagetipo mpaka amuna awo anakhotera kuseri kwa golosale. Kenaka anapumira m'mwamba, n'kubwerera kukayanika zovala zotsala.