Nguluwe imene sindinaiwombere

Ntchito yanga yoyamba inandipeza pa msika wa Nsanama, ndikugulitsa nandolo. Mlamu wanga anandinong'oneza kuti esiteti ina ku Balaka ikufuna alonda othamangitsa nyama zoononga mbewu. Ine mfuti ndinali ndisanaigwirepo, koma ndinauza akapitawo kuti ndine mlenje. Njala imaphunzitsa bodza.

Otiphunzitsa anali a Sajeni Namakhwa, msilikali wopuma, munthu wosaseka. Anatipatsa chifefe, mfuti ya chipolopolo chimodzi: kuithyola pakati, kusuzumira mumpope, kulowetsa chipolopolo, kutseka. Kenako anajambula pansi mizere iwiri yopingasana ndi kamtengo.

"Iyi kwathu ku usilikali timati kolosifaya," anatero. "Mfuti ziwiri, malo awiri, zipolopolo zikukumana pakati. Chili pakatipo chilibe kothawira. Koma mukaima moyang'anana, mumaphana nokha. Chipolopolo sichidziwa mbale."

Lamulo lawo linali loti awiri amfuti aime mbali imodzi, motalikirana, mipope iloze kutsogolo kopanda munthu. Ndinkaona ngati nkhalambayo ikungokumbukira nkhondo zake.

Ndisanathe miyezi itatu yoyesedwa, nguluwe inavuta m'mudzi woyandikana nafe. Inamaliza chinangwa, inang'ambanso mwendo wa mayi wina. Anatituma awiri, ine ndi a Jafali, mlonda mnzanga wa kwa Kawinga. A Sajeni anati asaone nkhope zathu popanda nyamayo, ndipo ndinadziwa kuti ntchito yanga ili pamenepo.

Tinafika m'mawa, anthu atazinga kale chitsamba chimene nguluweyo inabisalamo, monga amachitira pa uzimba: mikondo, zibonga, agalu, bwalo lathunthu. Kwa mikondo bwalo ndi labwino. Poona mfuti ziwiri, amuna a m'mudzimo anatigawa, ine uku, a Jafali uko, kuti nyama isapeze mpata. Ndinachita manyazi kukana, poti ndinali mlendo komanso wamng'ono.

Agalu atalowa, nguluwe inatumphuka n'kuima poyera, pafupi kwambiri moti ngakhale wakhungu akanailasa. Ndinaikweza mfuti paphewa. Kupyola msana wa nyamayo ndinaona chipewa choyera cha a Jafali, ndi anthu ena atatu pambali pawo.

"Womberani, inu! Womberani!" anthu a m'mudzimo anandikuwira.

Ndinaloza mpope kumwamba. Nguluwe inandidutsa m'miyendo, n'kupita.

Ndiye kunyozedwa kwake! Mayi wina anafunsa ngati ndanyamula mfuti kapena mpini. Wina anandipatsa dzina pomwepo, a Yapita. Ndinabwerera mtima uli m'malere, ndikuganiza za nandolo wanga.

A Sajeni sanakalipe. Anatipatsa kamtengo kuti tijambule pamene aliyense anaima. Anayang'ana mizereyo nthawi yaitali, anathyola mfuti yanga, n'kutulutsa chipolopolo chosaphulika.

"Kuima pamenepo munapusa nonse," anatero. "Iwe, mawa ulawire."

Nguluweyo tinaipha patapita masiku anayi, anthu onse ali kumbuyo kwathu. Ntchitoyo ndinakalamba nayo, ndipo ndinaikonda. Chimene ndinasunga n'chakuti usanayang'ane nyama, yang'ana chili kuseri kwake, ndipo manyazi asakuimike pamalo olakwika.

Dzina lija silinachoke. A Jafali alipo kwa Kawinga, ali ndi zidzukulu zodzaza bwalo, ndipo tikakumana pa msika ndi iwo amene amalifuula kuposa aliyense. Ine ndimayankha ndi mtima wonse.